Moto wolusa ku California: amazimitsa ndani, amalipira ndani? Mafunso ndi mayankho

Ku California, chigawo cha kumadzulo kwa dziko la America, mvula imagwa m'miyezi yozizira, ndipo kuyambira cha mu May mpaka October mvula imasowa. Udzu umauma kuti gwa, kenako kumabwera mphepo youma yochokera kumtunda, imene kummwera amaitcha Santa Ana ndipo kumpoto amaitcha Diablo. Nthethe imodzi yokha ikagwera pa udzu wotere, phiri lonse limayaka. Mafunso ali m'munsiwa ndi okhudza eni malo, alimi, amene amagwira ntchito zotchetcha, kudula mitengo ndi kuwotcherera, komanso okonda kukagona kutchire. Malamulo tawatchula ndi mayina ndi manambala ake enieni kuti wofuna kukawawerenga yekha asavutike kuwapeza.

Moto ukabuka m'tchire, udindo wozimitsa ndi wa yani?

Zimatengera pamene wabukira. Malo onse a California anagawidwa patatu pa nkhani ya moto. Mbali yoyamba ndi ya boma la California lenilenilo, imene amaitcha State Responsibility Area. Ndi maekala oposa 31 miliyoni, ndipo ambiri mwa malowa si a boma ayi, ndi nkhalango, madambo odyetsera ng'ombe ndi mapiri a anthu wamba amene ali kunja kwa mizinda. Kumeneko kumazimitsa nthambi ya boma yoona za nkhalango ndi moto, CAL FIRE. Mbali yachiwiri ndi malo a boma lalikulu la America, monga nkhalango zoyang'aniridwa ndi US Forest Service ndi mapaki ngati Yosemite. Yachitatu ndi mizinda ndi minda yothirira, kumene kuli ozimitsa moto a mzinda kapena a kaunti (chigawo chaching'ono cha m'kati mwa California).

Pali makaunti asanu ndi limodzi amene amazimitsa okha moto m'mbali yoyamba ija, boma n'kumawalipira: Kern, Los Angeles, Marin, Orange, Santa Barbara ndi Ventura.

Nanga moto ukadumpha malire a mbali zimenezi?

Umadumpha kawirikawiri, ndiye mabungwewa anapangana kuti amene ali pafupi ndiye ayambe kuthamangira, za ndalama n'kukambirana pambuyo. Pangano loti mizinda ndi makaunti azithandizana pa ngozi zazikulu linakhazikitsidwa mu 1950. Moto woopsa wa mu 1970 utasonyeza kuti magulu osiyanasiyana sankamvana ngakhale pa mawayilesi awo, panapangidwa dongosolo la Incident Command System. M'dongosololi, moto uliwonse umakhala ndi mtsogoleri wodziwika, ndipo ukakhudza mabungwe angapo, atsogoleri awo amakhala pa tebulo limodzi n'kutulutsa pulani imodzi.

Cholinga cha CAL FIRE n'chakuti moto 95 mwa 100 iliyonse uzimitsidwe usanapitirire maekala 10. N'chifukwa chake munthu akaimba nambala ya ngozi, 911, pa tsiku lotentha, sikubwera galimoto imodzi. Kumabwera magalimoto angapo a madzi, bulldozer yokumba mpata wotchinga moto, gulu la anthu a makasu ndi masowo, helikopita, ndi ndege zothira mankhwala ofiira aja. Zonsezi zimawerengedwa mtengo wake pa ola, ndipo mtengowo ndi umene umabwera m'kalata ya ngongole ngati wina wapezeka wolakwa.

Kodi ozimitsa moto angalowe pamalo panga popanda kundipempha?

Inde. Moto ukamayaka angathe kudula loko wa pageti, kugwetsa mpanda, kukumba mpata ndi bulldozer pakati pa munda, kutunga madzi m'damu lanu, ngakhale kuyatsa dala udzu wanu kuti moto waukulu ukafika upeze palibe chodya. Pambuyo pake pamabwera gulu lokonza zina mwa zimene zinaonongeka pozimitsa, monga kulumikiza mipanda ndi kukumba tingalande m'mipata ya bulldozer kuti mvula isakokolole nthaka. Lembani zonse zimene zaonongeka, jambulani zithunzi, ndipo kaonaneni ndi gululo lisanasamuke.

Koma musayembekeze chipukuta misozi cha nyumba imene iwo sanathe kuipulumutsa. Government Code 850 mpaka 850.4 imateteza boma ndi ozimitsa moto ku milandu ya mtundu umenewo. Mfundoyi ndi yakalekale. Mu 1853 khoti lalikulu la California linagamula, pa mlandu wa Surocco ndi Geary, kuti mkulu wa mzinda wa San Francisco amene analamula kuphulitsa nyumba pofuna kuletsa moto kufalikira sanayenere kulipira mwini nyumbayo. Ngati mukuonabe kuti muli ndi dandaulo loyenera pa bungwe la boma, nthawi ndi yochepa: dandaulo la katundu wonyamulika kapena la kuvulala liyenera kuperekedwa pasanathe miyezi isanu ndi umodzi.

Ndingayatse ndekha moto wokumana ndi umene ukubwera?

Alimi ambiri amadziwa njira imeneyi, ndipo imagwira ntchito m'manja mwa odziwa. Koma Public Resources Code 4426 imaletsa munthu kuchita zimenezi popanda chilolezo kapena kuyang'aniridwa ndi ofisala wa nkhalango, pokhapokha zitatsimikizika kuti kunali kupulumutsa moyo kapena katundu wofunika. Chifukwa chake n'chomveka. Inu simukudziwa kumene gulu la ozimitsa lili, ndipo moto wanu ungawatsekere pakati pa malawi awiri.

Amalamula anthu kusamuka ndani?

Ozimitsa moto amalangiza, koma lamulo limatuluka kwa sheriff, mkulu wa apolisi a kaunti, kapena apolisi a mzinda. Pali magawo awiri: chenjezo, lotanthauza kuti longedzani ndipo okalamba, odwala ndi a ziweto anyamuke, ndiye lamulo lenileni loti chokani tsopano. Penal Code 409.5 imapatsa apolisi mphamvu yotseka dera, ndipo kulowamo mwadala n'kukana kutuluka ndi mlandu. Wotsalira asaganize kuti akuika pachiswe moyo wake wokha, pakuti galimoto imene ikanateteza nyumba khumi imapatutsidwa kukafuna iyeyo.

Moto ndinauyambitsa mwangozi. Ndingalipitsidwebe?

Apa ndiye pagona nkhani. Lamulo silifunsa ngati munafuna kuyatsa tchire. Limafunsa ngati munachita zimene munthu wosamala akanachita pa malo amenewo, pa ola limenelo, ndi mphepo imeneyo. Health and Safety Code 13009 imati aliyense amene wayatsa moto, kapena kuulekerera kuti uthawe, chifukwa cha kusasamala kapena mophwanya lamulo, ayenera kubweza ndalama zonse zimene zagwiritsidwa ntchito pozimitsa ndi populumutsa anthu. Gawo 13009.1 limaonjezerapo mtengo wa kafukufuku ndi wa kuwerengera ngongoleyo. Magawo 13007 ndi 13008 amapatsa oyandikana nawo ufulu wofuna malipiro a nyumba, mipanda, ziweto ndi mbewu zawo.

Onani mmene zinathera pa milandu itatu. Mu July 2018, pafupi ndi Redding, tayala la ngolo yokokedwa ndi galimoto linaphulika, limu n'kumakhula pa tala, nthethe n'kugwera m'udzu. Umenewo ndiwo unali moto wa Carr, umene unapsereza maekala pafupifupi 230,000 ndi nyumba zoposa 1,000. Eni ngoloyo sanaimbidwe mlandu. Mwezi womwewo ku Mendocino, mlimi wina ankakhomerera chikhomo chachitsulo pansi ndi hamala kuti atseke una wa mavu, ndipo nthethe inayatsa udzu wautali. Moto wa Ranch unatentha maekala oposa 410,000, koma naye sanaimbidwe mlandu. Mu September 2020, pa nyengo yotentha koopsa, banja lina linaphulitsa kachipangizo kotulutsa utsi wa mtundu pa mwambo wolengeza ngati mwana wodzabadwa ndi wamwamuna kapena wamkazi, pa udzu wouma pafupi ndi Yucaipa. Moto wa El Dorado unapha wozimitsa moto mmodzi. Mu 2024 bamboyo anavomera mlandu wopha munthu mosafuna, anagamulidwa kukhala m'ndende chaka chimodzi, ndipo banjalo linalamulidwa kulipira ndalama zoposa madola 1.7 miliyoni.

Onse atatu sanafune kuotcha kanthu. Kusiyana kwake n'kwakuti tayala limaphulika popanda kuchenjeza, pamene wopita ndi zophulika pa udzu wouma amakhala akudziwa chimene chingachitike.

Amatsimikiza bwanji kuti ndinali wosasamala?

Ofufuza a CAL FIRE ambiri ndi apolisi ovomerezeka, ndipo amafika moto ukadali kuyaka. Amayenda chobwerera m'mbuyo kutsata zizindikiro: mbali ya mtengo imene yapsa kwambiri, kumene mapesi a udzu agwera, mbali ya mwala imene yada ndi mwaye. Akafika pamene moto unayambira amamangapo zingwe, n'kusanthula pang'onopang'ono chogwada, ndi maginito otola tizitsulo ndi galasi lokuzira. Kachidutswa ka mpeni wa makina otchetchera kapena kanjere ka chitsulo chosungunuka kamakwanira kuloza mwini wake.

Pali lamulo limodzi limene ogwira ntchito ndi makina ayenera kulidziwa bwino. Public Resources Code 4435 imati moto ukachokera ku injini, makina, chowotchera nyama, chumuni kapena chipangizo china chilichonse chotha kuyatsa moto, kubuka kwa motowo pakokha ndi umboni woyamba wa kusasamala. Zikatero mtolo wagwera inu. Muyenera kuonetsa kuti makinawo ankakonzedwa, kuti munalambula pamalopo, kuti madzi ndi fosholo zinali pafupi. Malisiti a kwa makaniko ndi chithunzi cha malo ogwirira ntchito chojambulidwa m'mawa ntchito isanayambe zimathandiza kwambiri pa tsiku loterolo.

Ndiye lamulo limafuna chiyani kwenikweni kwa wogwiritsa ntchito makina kutchire?

Injini ya makina yoyendera petulo kapena dizilo pa malo a udzu, zitsamba kapena nkhalango iyenera kukhala ndi sefa yogwira nthethe pa ekizozi, malinga ndi gawo 4442. Sefayo imagwira tizidutswa ta mwaye woyaka toposa theka la milimita. Imatsekeka ndi mwaye pakapita nthawi, makina n'kuchepa mphamvu, ndipo ambiri amangoichotsa m'malo moitsuka. Kuchotsako ndi mlandu pakokha, ngakhale moto usabuke.

Wowotcherera, wodula zitsulo ndi gilayinda, kapena wogwiritsa injini yokhazikika pamalo amodzi ayenera, malinga ndi gawo 4427, kulambula mpaka dothi kuonekera mamita atatu mbali zonse, ndi kukhala ndi fosholo yosongoka yotalika masentimita 117 kapena kuposa, komanso pampu ya madzi yoberekera kumsana yodzaza. Mamita atatu ndi muyezo wochepetsetsa. Nthethe za gilayinda zimaulukira kutali kuposa apo, choncho wanzeru amanyowetsa udzu wozungulira, amaika munthu wachiwiri woti azingoyang'ana kumene nthethe zikugwera, ndipo sachoka msanga ntchito ikatha, chifukwa ndowe youma kapena chitsa chofumbwa chimatha kufuka mwakachetechete kwa nthawi yaitali. Moto wa Zaca wa mu 2007, umene unatentha maekala oposa 240,000 ku Santa Barbara, unayamba ndi gilayinda pokonza paipi ya madzi pa famu.

Wa sowo ya petulo akhale ndi fosholo kapena chozimitsira moto pasanapitirire mamita asanu ndi awiri ndi theka kuchokera pamene akudula.

Za kutchetcha, CAL FIRE imalangiza kumaliza isanakwane 10 koloko m'mawa, ndi kusatchetcha konse kukakhala mphepo kapena kouma kwambiri. Makina a mpeni wachitsulo anapangidwira kapinga wauwisi. Pa udzu wouma mpeni umamenya mwala n'kuthetheka, choncho gwiritsani ntchito otchetcha ndi chingwe cha pulasitiki. Oyendetsa galimoto aonetsetse kuti matcheni a ngolo sakukhweka pansi, matayala ali ndi mpweya wokwanira, mabuleki sanathe mpaka chitsulo kukhula chitsulo, ndipo asaimike galimoto pa udzu wautali poti ekizozi ya pansi imakhala yotentha koopsa. A zanyengo a National Weather Service akalengeza Red Flag Warning, chenjezo la nyengo yoopsa ya moto, ntchito zonsezi zidikire. Moto wobuka pa tsiku la chenjezo limeneli ndi wovuta kwambiri kuufotokoza m'khoti.

Ndili ndi chilolezo chootcha zinyalala za m'munda. Chikunditeteza?

Chimakulolani kuyatsa, koma sichikuchotserani udindo moto ukathawa. M'madera ambiri chilolezo chimafunika kuyambira pa 1 May, ndipo kukauma kwambiri CAL FIRE imaimitsa zilolezo zonse mpaka mvula itagwa. Tsiku lililonse musanayatse muyeneranso kufunsa ku ofesi yoona za ukhondo wa mpweya m'dera lanu ngati lili tsiku lololedwa.

Mulu usapose mita imodzi ndi masentimita 20 m'mimba mwake. Lambulani mamita atatu kuzungulira mulu mpaka dothi. Madzi ndi fosholo zikhale pomwepo, ndipo munthu wamkulu akhalepo mpaka moto utazimiratu. Zololedwa ndi masamba, nthambi ndi udzu zouma za pamalo pomwepo. Mapulasitiki, matayala ndi zinyalala za m'nyumba ayi.

Chimene chimagwetsa ambiri ndi phulusa. Mulu umaoneka wozima pamwamba pomwe pansi makala ali ndi moyo, ndipo patapita masiku angapo mphepo imaulula phulusalo n'kuwadzutsa. Thirani madzi, vundulani ndi fosholo, thiraninso, kenako yandikizani kuseri kwa dzanja. Pakamveka kutentha ndiye kuti ntchito sinathe. Moto wa pa msasa nawonso umafuna chilolezo chake, chimene ndi chaulere, ndipo kazimitsidwe kake n'komweko. Kukwirira ndi dothi lokha sikuzimitsa, kumangosunga makala.

Ngati wayambitsa moto ndi wantchito wanga?

Bwana amalipira. Mu June 2016 ku Santa Barbara, wantchito wa pa malo ena ochitira misonkhano ya mpingo anatulutsa chikuni chofuka m'nyumba chifukwa chumuni inkabweza utsi, makala n'kugwera pa udzu. Moto wa Sherpa unatentha maekala pafupifupi 7,500, ndipo CAL FIRE inafuna madola pafupifupi 12 miliyoni. Eni malowo anatsutsa kuti bungwe silingalipire kulakwa kwa wantchito, koma mu 2021 khoti lalikulu la California linagamula kuti lingalipire. Choncho wolemba anthu ntchito awaphunzitse, awapatse zida, ndipo polemba kontirakitala aone kaye pepala la inshulansi yake.

Inshulansi ya nyumba ingakwanitse ngongole yotereyi?

Inshulansi wamba ya nyumba imakhala ndi gawo lolipira zimene mwaononga kwa ena mosasamala, koma malire ake nthawi zambiri ndi madola masauzande mazana ochepa, pamene kuzimitsa moto waukulu kumadya mamiliyoni. Amene ali ndi malo aakulu kapena bizinesi ya makina aganize zoonjezera. Dziwaninso kuti inshulansi ya FAIR Plan, imene anthu okanidwa ndi makampani ena amathawirako, imateteza nyumba yanu ku moto koma ilibe gawo lolipira ena. Limenelo ligulidwe padera. Kalata ya ngongole ikafika, uzani a inshulansi tsiku lomwelo ndipo funani loya musanasaine chilichonse.

Ndi liti pamene nkhaniyi imasanduka ya kundende?

Kutaya ndudu yoyaka kapena kulekerera moto kuthawa ndi mlandu waung'ono wa chindapusa kapena miyezi ingapo. Penal Code 452 ndi ya munthu amene ankadziwa kuopsa kwake koma n'kuchitabe: kutentha nkhalango mwa njira imeneyi kungafike zaka zitatu, nyumba yokhalamo anthu zaka zinayi, ndipo wina akavulala kwambiri zaka zisanu ndi chimodzi. Penal Code 451 ndi ya wootcha dala ndi mtima woipa, ndipo chilango chake chimafika zaka zisanu ndi zinayi.

Chimene chimaipitsa mlandu msanga ndicho kuthawa kapena kubisa. Moto ukakupulumukani imbani 911 nthawi yomweyo, musanayambe n'komwe kulimbana nawo, nenani malo molondola, ndipo makina asiyeni pamene ali. Mphindi khumi zimene munthu amataya akupuntha moto ndi nthambi chifukwa cha manyazi ndi zimene zimasandutsa ekala imodzi kukhala maekala chikwi.

Makampani a magetsi nawo amalipira?

Iwo lamulo limawapanikiza kuposa munthu wamba. Makhoti a California amati nthambo za kampani ya magetsi zikayambitsa moto, kampaniyo ilipire katundu wa anthu ngakhale kusasamala kusanatsimikizike, poti ntchito yake ndi yotumikira anthu onse ndipo kuonongeka kwake kusagwere ochepa. Pa 8 November 2018 ngowe yachitsulo yoperepeseka inathyoka pa nsanja yakale ya kampani ya PG&E, nthambo n'kugunda chitsulo. Moto wa Camp unafafaniza tauni ya Paradise, unapha anthu 85 ndi kuononga nyumba ndi zomanga zoposa 18,000. Kampaniyo inalengeza kuti yalephera kubweza ngongole mu January 2019, ndipo mu 2020 inavomera milandu 84 yopha anthu mosafuna. Mu 2019 boma linakhazikitsa thumba la madola 21 biliyoni lothandiza kulipira madandaulo a moto woyambitsidwa ndi makampani a magetsi, ndipo theka la ndalamazo limachokera ku mabilu a ogula magetsi. Ambiri amadandaula nazo zimenezi, ndipo dandaulo lawo lili ndi mutu.

Nanga wootcha tchire mwadongosolo pofuna kuchepetsa udzu ndi zitsamba?

Kwa zaka zambiri mantha a ngongole ankalepheretsa ntchito yofunikayi, imene mitundu ya eni nthaka monga Karuk ndi Yurok yakhala ikuchita kuyambira makedzana. Lamulo la SB 332 la mu 2021 linasintha zinthu: wootcha motsatira pulani yovomerezeka, kapena wootcha mwa chikhalidwe cha mtundu wake, salipitsidwa ndalama zozimitsira pokhapokha atatayirira mopitirira muyezo. Mu 2022 panaonjezeredwa thumba la madola 20 miliyoni lolipira oonongekeredwa, mpaka madola 2 miliyoni pa ntchito imodzi. Chitetezochi sichikhudza munthu wongootcha mulu kuseri kwa nyumba.

Kodi kusalambula kuzungulira nyumba yanga ndi mlandu?

Inde, m'dera lija la State Responsibility Area. Public Resources Code 4291 imafuna mamita 30 osamalidwa kuzungulira nyumba, kapena mpaka m'malire a malo anu ngati ali pafupi. M'mamita asanu ndi anayi oyamba chotsani zomera zonse zouma, sesani masamba padenga ndi m'ngalande za madzi a padenga, ndipo nthambi zitalikire chumuni ndi mamita atatu. Kuchokera apo mpaka mamita 30, udzu usapose masentimita 10, mitengo italikirane, ndipo nthambi za m'munsi zidulidwe kuti moto wa pansi usakwere. Mita imodzi ndi theka yogundana ndi khoma ndiyo yofunika koposa, chifukwa nyumba zambiri sizipsa ndi malawi a nkhalango koma ndi makala ouluka ogwera pa nkhuni zounjikidwa pakhonde, pa mpanda wamatabwa wolumikizana ndi nyumba, kapena olowa m'mabowo opitira mpweya. Mabowowo atsekedwe ndi sefa yachitsulo ya maso osaposa mamilimita atatu. Oyendera a CAL FIRE amayamba ndi kalata yochenjeza, amabweranso kudzaona, ndipo akapeza palibe chasintha amalemba chindapusa.